Kapu ya Ulusi Wofiira

"Ine sindikunena kuti tiwathamangitse ayi. Ndikunena za tsiku limodzi. Tsiku limodzi lokha, bambo a Sisi, kodi ndi chaka?"

Inali nthawi ya tiyi wamadzulo, onse ali pakhonde monga mwa masiku onse. Bambo a Sisi, amene anthu a pamsewu ankangowatchula kuti Anjinga chifukwa cha ntchito yawo yokonza njinga, anali pampando akupukuta girisi m'zala ndi kansanza. Mkazi wawo anali chiimire, ketulo ili m'manja. Sisi, mwana wawo wamkulu, anakhala pansi akusankha mpunga, atazyolika. Kumapeto kwa khonde, kuseri kwa makina osokera, kunali mlongo wawo wa Anjinga. Ankamutcha Kansingano. Dzinali analipata ali mwana chifukwa cha kuwonda, ndipo linamukanirira mpaka imvi zinayamba.

"Mukulankhula ngati mwini wake palibe," anatero Anjinga motsitsa mawu.

"Ndikulankhula dala alipo, kuti asadzamvere kwa ena. Alamu, ndikunama ine? Mwanayu akubwera ndi mnyamata wake pa phwando la tchuthi, ndipo mnyamatayo akubwera ndi mayi ake. Koyamba kuponda pakhomo pano. Ndiye tili mkati mwa kudya, alamu agwe apo, ana ayambe kukuwa. Mayi uja akabwerera kwawo akanena chiyani? Akati banja lija lili ndi khunyu m'magazi, basi. Ukwati wathera pomwepo."

Kansingano sanatukule mutu. Anapitiriza kupinda m'mphepete mwa nsalu yoyera, nsalu yapatebulo ya phwando lomwelo.

"Papita nthawi yaitali asanagwe," anatero Anjinga. "Mankhwala akumwa bwinobwino, kuchipatala sajomba."

"Ndiye matendawo amachita odi? Amati konzekani ndikubwera?"

"Achipatala anatiuza kalekale kuti sapatsirana."

"Achipatala si amene akudzakwatira mwana wanga."

Atatero anathira tiyi m'makapu omwe anali pa thireyi. Kenako anatambasula dzanja pawindo n'kutenga kapu ina yachitsulo, yomwe pachogwirira pake panali pomangidwa ulusi wofiira. Kapu imeneyi sinkagona pamodzi ndi zinzake. Inali ndi malo ake pawindopo, ndipo inkatsukidwa payokha, pomalizira. Anayamba kumanga ulusiwo ndi malemu mayi awo a Anjinga, Kansingano ali kamtsikana, ndipo ulusi ukatha wina ankangomangapo watsopano osafunsa chifukwa. Anjinga anakula akuiona kapuyo monga munthu amaonera chitseko cha nyumba yake, osaiganiziranso.

"Iwe Sisi, nkhani ndi yako iyi. Ukuti bwanji?"

"Ine sindikudziwa, ababa," anayankha Sisi, maso ali mumpunga. "Dalaivala, mnyamata wangayo, ndi munthu wabwino. Koma amayi ake sindinawazolowere."

"Unamuuza za azakhali ako?"

"Ndinamuuza kuti tili ndi azakhali osoka."

"Basi?"

"Basi."

Kansingano analuma ulusi ndi mano n'kuyala nsaluyo pamiyendo.

"Alamu, m'makonamu ndiikemo maluwa, kapena ikhale yoyera chomwechi?"

Anjinga anaponya kansanza kaja pansi. Anamenya dzanja pabondo. "Mlongo wanga adzadya patebulo ndi anthu onse. Pakhomo pano ndi pake. Nkhaniyi yatha."

Amayi a Sisi anangotolera makapu pathireyi. Anakhala nawo zaka zambiri bambowa, ndipo ankadziwa kuti mawu awo amatuluka olimba ngati chitsulo koma amafewa okha akagona masiku angapo.

Masabata otsatirawo pakhomo panalibe kupuma. Makoma anawapaka laimu, udzu wa kuseri unatchetchedwa, mipando anakapempha kwa anansi. Mbuzi inamangidwa pamtengo wa mango n'kumalira usana wonse ngati ikudziwa. Kansingano anamaliza nsalu yapatebulo, anasoka makatani atsopano a pabalaza, kenako diresi ya Sisi yobiriwira, yomwe anaiyesa n'kuiphwasula mpaka inakhala m'thupi ngati anabadwa nayo.

Amayi a Sisi sanakanganenso. Ankangodontheza mawu pang'onopang'ono, pamene akuyala bedi kapena akuwapatsira madzi osamba. "Mwana wa eni wadikira nthawi yaitali kuti apeze munthu wamakhalidwe." Tsiku lina: "Alamu enieniwo phokoso salikonda, mukudziwa inu. Phokoso ndi lomwe limawadzutsira matenda." Tsiku linanso: "Ine ndilibe nawo chifukwa. Ndani amawaphikira? Ndani amawachapira akadwala?" Ndipo zimenezi zinali zoona. Zinali zoona zonse, n'chifukwa chake Anjinga ankasowa poyankhira.

Kutatsala pang'ono kuti tsiku lifike, nkhani inabwera ndi nkhope ina. Alendo adzafuna poika zikwama ndi pogoneka makanda, ndipo chipinda choyenera chinali cha Kansingano. Khonde nalo lidzafunika mipando. Makina osokera akanakhala kaye ku shedi ya njinga, kumsewu, mpaka phwando lithe.

Anawanyamula ndi Anjinga eni ake. Anamanga mutu wa makinawo pakaliyala ndi zingwe za chubu, miyendo yake n'kuikoleka pahandulo, ndipo ankakankha njingayo pang'onopang'ono kuopa mabampu. Kansingano ankabwera pambuyo ndi thumba la nsalu pamutu.

"Achimwene," anatero atafika pakati pa njira, "mwanyamula makina okha, kapena ndi mwini wake yemwe?"

Anjinga anaima n'kuyamba kukonza chingwe chomwe sichinamasuke.

"Ndi tsiku limodzi, Kansingano. Kushedi kuli phee, ukasoka bwino wopanda ana okusokoneza. Chakudya ndidzakubweretsera ndekha, chisanazizire. Ntchafu ya nkhuku ndi yako, ndanena ine."

"Akunena ndi alamu, kapena mukunena ndinu?"

Akanatha kunama, koma mlongo wawo ankawayang'ana ndi maso aja omwe ankayezera nsalu popanda tepi.

"Ndikunena ndine," anatero.

Kansingano anagwedeza mutu pang'ono, ngati kasitomala wamuuza mtundu wa ulusi womwe akufuna.

"Chabwino. Samalani dzenje ilo, mundithyolera makina."

Tsiku la phwando linacha bwino. Kansingano anadzuka m'mamawa, anasita nsalu yapatebulo, anamanga Sisi lamba wa diresi kumbuyo, kenako anatuluka pakhomo la kuseri alendo asanayambe kufika. Anjinga anamuona akupita, koma panthawiyo anali atagwira miyendo ya mbuzi, ndipo anadziuza kuti manja ali otanganidwa.

Pofika masana pabwalo panali podzaza. Amalume, asuweni, akazi awo ndi ana osawerengeka, aliyense ndi phokoso lake. Achibale onsewa ankadziwa kumene kuli Kansingano, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa. Kenako galimoto inaima pamsewu. Anatsika Dalaivala, mnyamata wamtali wamanyazi, ndipo pambuyo pake panatsika mayi ake.

Anali mayi wathupi, wa mawu aakulu ndi kuseka kosabisa. Asanakhale n'komwe anali atavula kale nsapato, akudandaula kuti mwana wawo anawagulira zothina dala kuti asamayendeyende.

"Akuti amayi mukakhale phee, musakandichititse manyazi. Ndati iwe, ndinakubereka ndikuyenda, ndikhale phee lero?"

Anthu anaseka, ndipo mantha omwe anali pankhope ya amayi a Sisi anayamba kusungunuka. Atawadziwitsa achibale onse mmodzimmodzi, mlendoyo anaunguza pabwalo ngati akusowa wina.

"Banja lonse ndi lomweli?"

"Pali alamu anga," anayankha msanga amayi a Sisi, "koma apita kukaona anzawo kutali. Abwera mawa."

Mlendoyo anayang'ana Anjinga. Anjinga anavomereza ndi mutu.

"Oo," anatero mayiwo. Anasisita nsalu yapatebulo ndi chala, pamaluwa a pakona. "Koma dzanja losoka lilipo pakhomo pano."

Chakudya chinayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera. Nyama inafewa, mpunga sunapserere, amalume anaimba nyimbo yawo ya chaka ndi chaka ndipo anaiwala mawu pamalo omwe amaiwala nthawi zonse. Anjinga anaseka mpaka misozi. Anacheza ndi Dalaivala za matayala ndi misewu yoipa, n'kuona kuti mnyamatayo ndi waulemu. Dzuwa linali litapendeka pamene anaona mwana wina akukukuta fupa la ntchafu ya nkhuku, ndipo anakumbukira lonjezo lawo. Mbale ya Kansingano.

Analowa kukhitchini mwakachetechete. M'mapoto munali mutatsala khosi la nkhuku, mafupa a mbuzi ndi mpunga wa pansi. Ali mkati mokokota zimenezi, analowa amayi a Dalaivala, opanda nsapato, akudzipepeza ndi mpango, amayi a Sisi akuwatsatira pambuyo.

"Khalani pansi, amayi, madzi akubweretserani ana!"

"Aa, mayi mnzanga, ndili ndi miyendo. Zotsekemerazi zandiwonjezera ludzu."

Makapu onse anali akuda, ataunjikana m'beseni. Mlendoyo anasuzumira pashelefu, anasuntha chitini cha shuga, ndipo kuseri kwake anapeza kapu yoyera bwino, yobisidwa, ya ulusi wofiira. Anaimiza mu ndowa n'kuitukula kupita nayo kukamwa.

"Ayi! Imeneyo ayi!"

Amayi a Sisi anachita kuilumphira. Kapu inagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pamapazi a Anjinga, madzi atanyowetsa chifuwa cha mlendo.

"Pepani, amayi, pepani. Ndi yakuda. Ndi ya... timathirira mankhwala a makoswe."

Mlendoyo anawerama pang'onopang'ono, anatola kapuyo n'kuizunguza m'manja. Kuseka konse kunali kutachoka pankhope pawo.

"Makoswe," anatero. "Bambo, mlongo wanu ndi wochepa thupi, ali ndi chipsera cha moto pamkono wamanzere. Sichoncho?"

Anjinga anaika pansi mbale yomwe ankakokoteramo chakudya.

"Timakhala benchi imodzi kuchipatala mwezi ndi mwezi, pamzere wa mankhwala. Iye amatengera ake, ine ndimatengera mwana wanga wotsiriza, mng'ono wake wa Dalaivalayu. Amagwa kuyambira ali wamng'ono. Kodi mwana wangayu sanakuuzeni? Ndiye kuti ana athuwa abisirana." Anapumira m'mwamba. "Nditamva kuti mtsikana amachokera pakhomo pa wokonza njinga, ndinamufunsa mnzanga pabenchipo. Anati ndi mwana wa achimwene anga. Ndinavina mumtima. Ndinati Mulungu wandipezera banja lomwe silidzanyansidwa ndi mwana wanga. Mukudziwa zomwe anandiuza? Anati achimwene anga ndi munthu wabwino, sanandisalepo. Anati mudzabwere nayetu mwanayo kuphwando, adzadye ndi anzake."

"Nanga ali kuti mwanayo?" anafunsa amayi a Sisi ndi mawu ang'onoang'ono.

"Ndamusiya kunyumba. Analira, anali atavala kale malaya ake atsopano. Ndinati ndikaone kaye ndi maso anga." Anaimizanso kapuyo mu ndowa, anamwa madzi onse mpaka pansi, n'kuiika patebulo. "Ndaona."

Atatero anatuluka. Amayi a Sisi anakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyowa, atagwira pakamwa.

Anjinga anapalasa njinga ngati mnyamata, mbale itamangidwa mu mpango pahandulo. Kumsewu kunali zii, masitolo onse otseka chifukwa cha tchuthi. Asanafike pashedi anamva kulira kwa makina.

Kansingano anali atakhala pakati pa matayala akale ndi machubu olendewera, akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Pambali pake panali botolo la madzi ndi kachidutswa ka buledi kotsala.

"Mwabwera, achimwene. Phwando latha?"

"Tiye kunyumba."

"Kwagwanji?"

"Mayi aja akukudziwa. Atiuza zonse. Tiye, ukakhale patebulo, anthu akadalipo." Anamasula mpango, ndipo ataona khosi la nkhuku lili pa mpunga wozizira, anachita manyazi n'kuphimbanso. "Bwanji sunanene, Kansingano? Ukanangonena tsiku lija pakhonde kuti mayiwo umawadziwa, kuti nawonso ali ndi mwana wotere, zonsezi sizikanachitika."

Kansingano anaimitsa makina. Anachotsa nsalu pansi pa singano, anadula ulusi, n'kuipinda bwinobwino asanayankhe.

"Matenda a mwana wa eni si anga oti ndizilengeza. Ndikudziwa mmene zimawawira kukambidwa pakhonde anthu akumwa tiyi."

"Komabe..."

"Ndipo ndikananena, mukanandikhazika patebulo, inde. Pampando wabwino, pafupi ndi mlendo. Mukanati onani, nafenso tili naye wathu." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kopanda mkwiyo, komwe kunawapweteka Anjinga kuposa kutukwana. "Tsiku lija munamenya dzanja pabondo, munati mlongo wanga adzadya ndi anthu. Ndinapita kukagona ndikuseka ndekha ngati mwana. Ndinati zaka zonsezi, lero achimwene anena. Ndinafuna ndikhale patebulo chifukwa cha mawu amenewo. Tsopano mwabwera kudzanditenga chifukwa mlendo waloleza."

"Ndalakwa, mlongo wanga."

"Simunayambe ndinu. Anayamba ndi amayi, ndipo iwo ankaopa, sankadziwa. Koma inu achipatala anakuuzani muli pomwepo, ndinu munandiperekeza. Tinabwerera kunyumba, madzulo ake tiyi ndinamwera momwemo."

Anjinga anakhala pa chitini cha girisi.

"Makina akhala bwino pano," anapitiriza Kansingano. "Kukuwala, ndipo makasitomala ali pafupi. Mayi wa golosale ali ndi chipinda chopanda munthu kuseri kwa sitolo. Anandiuza kalekale, ine ndinkakana. Dzulo ndavomera."

"Wekha? Nanga ukadzagwa usiku, wopanda wokuona?"

"Achimwene, m'nyumba yodzaza anthu ndagwamo kangati, anthu ataima patali kudikira kuti ndidzuke ndekha? Chipsera ichi ndinachipeza kukhitchini kwanu, anthu ali pakhomo kuopa thovu." Anatambasula dzanja n'kutenga mbale ija. "Bweretsani, ndidya. Khosi limakoma. Bwererani kwa alendo, musamusiye Sisi yekha. Ndipo mukawauze mayi aja kuti tikaonana pabenchi."

Pamene ankafika kunyumba, galimoto inali itapita. Sisi anali m'chipinda, atadzitsekera ndi diresi yake yobiriwira. Amalume anati alendowo anatsanzika mwaulemu, ndipo Dalaivala anati adzaimba foni. Zoposa pamenepo panalibe amene ankadziwa.

M'mawa mwake Kansingano anabwera kudzatenga zovala ndi bulangeti lake. Anapatsa moni aliyense, anauza Sisi kuti diresiyo asaichape ndi madzi otentha, ndipo kwa amayi a Sisi, omwe ankalira mwakachetechete pakhomo la khitchini, anati, "Alamu, makatani aja akafupika mukachapa, mudzabwere nawo." Anakana kuperekezedwa. Kapu anaisiya.

Ntchito ya tsiku lotsatira phwando inayamba monga imayambira nthawi zonse. Ana anabweza mipando kwa anansi. Mabotolo anatoledwa, bwalo linasesedwa, mbale zinadzaza thandala. Anjinga anapeza kapu ija ili patebulo la kukhitchini pomwe mlendo anaisiya, palibe amene anaikhudza. Anatulutsa kampeni kawo kodulira machubu n'kudula ulusiwo. Pansi pake panatsala mzere woyera, wowala kuposa chogwirira chonse, moti ngakhale mwana akanaizindikira ali patali. Anaupala ndi chala, koma sunachoke.

Nthawi ya tiyi itakwana anakhala pakhonde atatu. Amayi a Sisi anabwera ndi thireyi, anathira m'kapu ya Sisi, anathira mwawo. Atafika pa amuna awo anapeza atatambasula kale dzanja, atagwira kapu ya mzere woyera. Ketulo inaima m'malere kwa kanthawi. Kenako anathira.

Anjinga anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana kumapeto kwa khonde, pomwe miyendo ya makina inasiya timaenje pasimenti. Anamwanso. Anali tiyi basi, wofanana ndi wa masiku onse.